Womasula Chingwe cha Sitima

"Vula chipewacho umupatse mnzakoyu," anatero mlangizi wa makadeti apamadzi, osamuyang'ana n'komwe.

Mtsikana wouzidwayo anali ataima pamzere wa padoko, yunifolomu ili mbee, yoti mayi ake anaisita kawiri. Kwa zaka zitatu anapalasa bwato mpaka manja kuchita matuza, anaphunzira kampasi yolozera njira ndi kuvuula womira. Pomanga mfundo za zingwe panalibe womuposa. Lero makadeti khumi opambana ankakwera sitima yeniyeni kwa sabata yathunthu, ndipo dzina lake linali loyamba.

"Ndalakwa chiyani, bwana?"

"Palibe. Malo achepa basi. Uyu ndi mphwawo wa akapiteni."

Mphwawoyo analowa gululi mwezi watha. Kusambira sankadziwa, ndipo chipewacho chinamutsikira mpaka m'maso.

"Usakwinye nkhope iwe," anapitiriza mlangizi. "Takusungira ntchito yaulemu. Chingwe cha sitimayi unamanga ndiwe, ukamasulenso ndiwe. Enawa angatichititse manyazi pamaso pa makolo."

Mtsikanayo anapita kukagwada pachitsulo chomangirapo. M'chigulu cha makolo anaona mayi ake akukupiza mpango, maso ali pa ana a m'sitima, kusakasaka nkhope yake. Anakoka nsonga ya chingwe kamodzi kokha, mfundo n'kumasuka bwinobwino monga anamuphunzitsira. Sitima inayamba kusuntha, anthu n'kuwomba m'manja.

Mlangizi anamugwira paphewa n'kutembenukira kwa makolo, chifuwa chili patsogolo.

"Mwaona lusolo? Kuno mwana akalimbikira timamufikitsa patali!"