Lowa kapena Lowani

"Voti yanuyo ine sindikuidziwa," anatero Efulemu pa foni, akungozungulira pamsika wa Mitundu. "Pulogalamu ya pa foni ya alimiyi ndinaiyamba ndine. Batani lizinenabe kuti 'Lowa', osati 'Lowani' amene mwavoterayo."

"Timailemba tonse, achimwene," anayankha Zulfa wa ku Nathenje. "Munthu wamkulu simungamuuze kuti 'Lowa' ngati mwana. Komanso lamulo loti aliyense angathe kuikopera n'kuisintha munalemba nokha."

Efulemu anadula foni. Sabata yomweyo anzake a ku Nathenje anaikoperadi n'kutulutsa yawo.

Mtima uli m'malere, anapita kukadandaula kwa bambo ake. Anawapeza akuona zanyengo pa foni, batani likuti "Lowani".

"Yako ija ndinafufuta," anatero bambowo osaweramuka n'komwe. "Inkandilankhula ngati tinavinidwira limodzi."