Tcheni Chatsopano pa Mano Akutha

Panali munthu wina ku Mchesi, cha m'ma 1996, dzina lake Che Yakubu, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Analibe chikwangwani. Chimene chinkamubweretsera anthu chinali mbiri yake yakuti sanamiza munthu.

Tsiku lina kunabwera Gordon, bambo wa ku Rumphi amene ankapikula mazira n'kumaperekera m'magolosale a ku Kawale ndi ku Biwi. Ankangofuna kumatitsa chubu. Che Yakubu atamaliza kumata, anatsina tcheni pa gudumu la mano lakutsogolo n'kuchikoka. Chinadzuka mpaka dzino lonse kuonekera. Anamuuza Gordon kuti tchenicho chatamuka, ndipo akapanda kuchisintha mwezi womwewo chidya mano a fuliwilo, kagudumu ka mano kakumbuyo kaja, mapeto ake adzagula zonse ziwiri.

Gordon anaseka, nayankha moti onse amve.

"Ine ndabwera ndi chubu, inu mwayamba kuona tcheni. Mawa mudzaonanso chishalo. Nonsenu ndinu amodzi, akuba ovala ovolosi."

Anthu anaseka. Awiri amene ankadikira anatenga njinga zawo n'kumapita. Pofika kumapeto kwa sabata, ogulitsa makala pamsikapo anali atayamba kumuitana Che Yakubu kuti a Tcheni Chatha.

Gordon tisafulumire kumuweruza. Chaka cham'mbuyo wokonza njinga wina anamuchotsera zitsulo zabwinobwino n'kumuikira zakutha, iye atapita kukamwa tiyi. Bala limenelo linali lisanapole. Komabe amene anamubera uja sanali Che Yakubu.

Atafika kunyumba, Gordon anatenga msomali ndi hamala, nachotsa mfundo ziwiri pa tcheni chija kuti chikungike, nachithira oilo wakuda wa galimoto. Njinga inayendadi. Tsiku lililonse akamadutsa pamtengo paja ankaliza belu kawiri, Che Yakubu n'kumangoweramira ntchito yake. Koma oilo uja ankakola fumbi la chilimwe, ndipo fumbilo linkapala zitsulo mwakachetechete. Patatha miyezi isanu mano a fuliwilo anali atasongoka ngati minga, tcheni chikungovuka panjira.

Lamlungu lina masana, masitolo a m'tauni ali otseka, Gordon analibe kwina kopita. Anafika pamtengo paja osapereka ndi moni womwe.

"Ndigulitseni tcheni basi. Ndikaika ndekha, kwathunso kuli manja."

Che Yakubu anaponya diso pa mano aja. Ankadziwa bwino lomwe kuti tcheni chatsopano pa mano otere chimagwira pamalo athyathyathya pokha. Munthu akafika pamtunda ali ndi katundu, n'kuimirira kuti atchove mwamphamvu, chimalumpha. Mawu anafika pakamwa. Kenaka anakumbukira kuseka kuja, ndi belu lija la tsiku ndi tsiku. Anakulunga tcheni m'nyuzipepala, nati, "Muyende bwino, achimwene."

M'mawa mwake Gordon, ataika tcheni chatsopanocho, anamanga matireyi a mazira makumi awiri pa kaliyala. Njinga inkayenda myaa, iye n'kumadziyamikira mumtima. Pamtunda wokwera ku Kawale anaimirira, naponda ndi thupi lonse. Tcheni chinalumpha, phazi linangopita pansi lopanda choligwira, ndipo anagwera m'ngalande njinga ili pamwamba pake. Mazira onse anasweka. Mkono wamanja unathyoka pawiri.

Nkhaniyo inafika ku Mchesi dzuwa lisanafike paliwombo. Pamtengo paja panali anthu angapo, ndipo ena ankati mwina tchenicho chinali chachinyengo. Che Yakubu akanatha kungonena kuti tcheni chinalibe vuto. Koma anali atadikira tsikuli miyezi isanu, ndipo sanafune kuti chipambano chake chidutse anthu osachidziwa. Anaika sipanala pansi, nafotokoza zonse: za mfundo ziwiri zija, za oilo wakuda, za mano osongoka.

"Dzulo lomweli ndinawaona mano amenewo," anatero. "Ndinadziwiratu kuti pamtunda paja sakafika pamwamba. Aziliza belu tsopano."

Anadikira kuti anthu aseke. Palibe anaseka.

Panali bambo Asani, mlonda wachikulire amene anakhala akukonzetsa njinga yawo pamenepo zaka zisanu ndi zitatu. Njinga yawo inali chagada, gudumu lili lophwa. Anafunsa motsitsa mawu.

"Ndiye kuti munaona, Che Yakubu, n'kumukulungira tcheni m'nyuzipepala?"

"Bambo, munthu uja ananditcha wakuba pamaso pa anthu."

"Tinamva tonse, ndipo sitinakhulupirire. N'chifukwa chake timabwerabe. Tanditembenuzirani njinga yangayo."

Bambo Asani anaikankha njingayo ili yophwa choncho mpaka ku Biwi. Enawo anatsatira mmodzimmodzi. Palibe anamutukwana Che Yakubu, ndipo palibe anamutchanso wakuba. Anthu ankangonena kuti kumeneko amakuona ukupita kukagwa n'kukufunira ulendo wabwino. Mvula isanagwe, pamtengo paja panali patakhala mayi wogulitsa tomato.

Gordon mkono wake sunawongokenso bwino, ndipo ntchito ya mazira inathera pomwepo. Akuti mpaka pano amanena kuti mmisiri uja anamupweteka dala, ndipo sanama. Che Yakubu naye amanena kuti anachenjeza koma analipidwa chipongwe, ndipo nayenso sanama.

Phunziro: Tcheni chikatamuka, chisintheni msanga chisanadye mano, ndipo mano akatha musaike tcheni chatsopano chokha. Kuchotsa mfundo si kukonza. Wina akakuberani, musamalipsire mkwiyo wanu pa amene akukuuzani zoona. Ndipo inu amene mukudziwa, chenjezani ngakhale amene anakunyozani, chifukwa chipongwe chake sichingakuchotsereni mbiri yabwino, koma kukhala chete kwanu kungathe. Tumizirani nkhaniyi onse oyenda pa njinga, amisiri, ndi aliyense amene akusunga mangawa mumtima.