Matamale Akana Kupsa

Doña Eulalia atavundukula mphika, anafutukula tamale imodzi, chakudya chokulunga m'makoko a chimanga. Nyama yankhumba ya mkati inali itafewa kalekale, koma phala lachimanga linali likadali laliwisi, lomatirira ku khoko.

Panja, alendo obwera ku ubatizo wa mdzukulu wawo anali atayamba kufunsa za chakudya.

"Matamale sapsa ngati wowakulunga ali ndi mkwiyo," anatero Chayo, mng'ono wa Doña Eulalia. "Nayeli, iwe wangoti ndwii chiyambire m'mawa. Dzuka uvine mozungulira mphikawu kuti apse."

Nayeli, mpongozi wa Doña Eulalia, anaimirira. Atakweza manja kuti avine, mkono wa bulauzi unatsetsereka. Pamkono pake panaoneka mikwingwirima yakuda, yondondozana ngati zala.

Panja, mwamuna wake Fermín anaseka mokweza.

"Khala pansi, mwanangu," anatero Doña Eulalia. "Ndinaiona m'mawa tikukanda ufa. Wokwiyayo ndine."

"Ndiye vinani inuyo, achemwali. Anthu ali ndi njala."

"Adye osapsa omwewo."

Doña Eulalia anawerama, nasolola chikuni pansi pa mphika. Kenako anatuluka panja, akuitana mwana wawo Fermín ndi dzina lake lonse.