Tizilombo Tidatsala Tamoyo

"Musamupatse mankhwala, ndimutenge kaye magazi," adatero bambo wa mwana wodwala malungo, katswiri wofufuza majini, zotengera kumtundu, a tizilombo ta matendawa. Tizilombo ta m'thupi mwa mwana wakeyo tidali ndi majini achilendo.

"Bambo ake, mwanatu akukomoka," adadandaula mkazi wake.

"Mankhwala mawa. Tizilomboti tichulukane kaye."

Mwanayo sadafike tsiku la mawalo.

Maliro atatha, bamboyo adatengera mkazi wake kulabotale n'kumuonetsa kabotolo kofiira.

"Mwana wapita, koma tizilombo take iti tili moyo. Vuto n'chakudya. Timafuna magazi atsopano, ndipo gulu la magazi anu n'lofanana ndi lake."

Mayiyo adayang'anitsitsa kabotoloko osaphethira. Kenako adapinda mkono wa bulauzi yake yakuda.

"Tizilomboti timadya kangati patsiku?" adafunsa chapansipansi.