Gezani ndi Magalasi Ake a Nambala 20

Panali munthu wina kuchigwa cha Chiredzi, mlenje, dzina lake Gezani Chauke. Amene amamudziwa akuti nkhaniyi inachitikadi. Iye ndi mng'ono wake Risimati anali ndi chilolezo chopha nyama zowononga minda, moti njati ikalowa m'mapira anthu ankathamangira kwa iwo. Kasakidwe kawo kanali kotere: akaiwombera nyama, iyo n'kuthawa, Gezani ankakwera pamalo okwera n'kuunguza ndi magalasi oonera patali, Risimati n'kumatsata magazi pansi. Gezani akakweza chipewa, ndiye kuti kutsogolo kuli bwino, pita. Moyo wa Risimati unkadalira chipewa chimenecho.

Magalasi awo anali akale, a nambala 8, ndiye kuti okuza chinthu kasanu n'katatu, utoto utakobokakoboka. Gezani ankachita nawo manyazi pamaso pa alenje a m'mapulazi. Tsiku lina atawoloka malire kupita ku tawuni ya Musina anakumana ndi bambo wina wokoma pakamwa, wogulitsa katundu kumbuyo kwa galimoto. Bamboyo anamugwiritsa magalasi aakulu ngati mabotolo awiri, a nambala 20, n'kumuuza kuti atsamiritse zigongono pagalimotopo awerenge chikwangwani cha kutsidya kwa msika. Gezani anawerenga chilembo chilichonse. Wogulitsayo anati nambala yaing'ono ndi ya ophunzira kumene. Basi, Gezani anakopeka, ndipo akale aja anawasiya komweko.

Kunyumba Risimati anawayesa, analoza kukhola la mbuzi, kenako anawatsitsa akupukusa mutu.

"Achimwene, ndaona khutu la mbuzi, koma mbuziyo sindinaione. Awa ndi a kumalo oyera, munthu utakhala pansi. M'nkhalango yathu ya mitengo ya tsanya muno mumafunika oona ponseponse. Ndiye akunjenjemeranso ngati munthu wa malungo."

"Akunjenjemera ndi manja ako a mowawo," anatero Gezani. "Ine ndinayamba kusaka iwe ukuyamwa."

Gezani ndi mmene analili. Mawu akachokera kwa mng'ono wake ankamuwawa, ngakhale akhale oona chotani. Risimati anangoseka n'kuisiya nkhaniyo, poti ankamukonda mkulu wakeyo ndipo sankafuna zokangana.

Mapira atayamba kucha, njati yamphongo yokalamba inatha munda wa mayi wina. Abale awiriwa anaipeza m'mawa pamtsinje wouma. Risimati anaiwombera paphewa, iyo n'kuthawira m'mitengo ya tsanya yowirira. Anaipatsa nthawi kuti ifooke. Gezani anakwera kaphiri ka miyala, anatsamiritsa mfuti pamwala wapansi, chifukwa magalasi olemerawo ankafuna manja onse awiri.

Anavutika kuipeza. Ankangoona masamba, khungwa, masamba. Thukuta lili kamukamu. Kenako anaipeza: diso la njati litadzaza galasi lonse, lili tong'o, ntchentche zikuyenda pamenepo, osaphethira. Inali itafa. Gezani anasangalala ngati mwana. Ankaganiza kale mmene akamusekere mng'ono wake madzulo, kuti kodi ndi nambala 8 uja akanaona ntchentche ali paphiri?

Mlenje aliyense kuchigwako amadziwa kuti nkhalamba za njati kawirikawiri zimayenda ndi zinzake. Gezani ankadziwanso. Koma galasi linamuonetsa diso lokha, ndipo chimene sanachione anachiyesa kuti kulibe. Anakweza chipewa, maso adakali m'magalasi.

Risimati anaona chipewacho, anakoleka mfuti paphewa n'kulowa m'tsanya mosadera nkhawa.

Chimene Gezani anamva choyamba ndi mitengo ikuthyoka, kenako mfuwu wa munthu. Anatembenuza magalasi uku ndi uku, koma ankangoona masamba ndi thambo. Atawatsitsa, ndi maso ake enieni anaona zonse pamodzi. Njati yachiwiri inali itaima pamthunzi nthawi yonseyo, pafupi kwambiri ndi inzake yakufayo. Tsopano inali itamugwetsa Risimati, ikumukanikizira pansi ndi chipumi.

Pamene Gezani ankatsikira pamene anasiya mfuti, n'kuwombera, njatiyo inali itamaliza ntchito yake. Inathawa osavulala.

Anamupeza mng'ono wake akupuma movutikira, chifuwa chitaphwanyika. Risimati sanamukalipire. Anangofunsa motsitsa mawu ngati chipewa chija chinakwezedwadi, kapena iye ndi amene anaona molakwa. Gezani anamubereka mpaka kumsewu, koma galimoto itapezeka Risimati anali atazizira kale.

Pamaliro anthu ankamutonthoza kuti njati ndi njati, yapha alenje ambiri. Gezani ankangogwedeza mutu. Ataika maliro, mkazi wa Risimati, Tsatsawani, anabwera pamene iye anakhala, khanda lili kumsana. Misozi inali itamuthera.

"Alamu, bambo a mwanayu ankati inu mukakhala pamwamba iwo saopa kanthu. Tsiku limenelo munali pamwamba. Munkayang'ana chiyani?"

Gezani akanatha kunama, palibe akanadziwa.

"Ndinkayang'ana ntchentche, mlamu," anatero.

Phunziro: Chida chachikulu si ndiye chida choyenera. Magalasi okokera pafupi kwambiri amakuonetsa kanthu kamodzi n'kukubisira zonse zili pambali pake, ndipo kunyada kumachitanso chimodzimodzi. Musanagule, funsani amene akudziwa malo amene mukagwiritsire ntchito, osati wogulitsa, ndipo mverani ngakhale wolankhulayo ndi wamng'ono kwa inu. Tumizirani nkhaniyi alenje, alonda, madalaivala ndi aliyense amene moyo wa mnzake uli m'maso mwake.