Mwavomera, Bambo?

Mdima utangogwa, Sellina anapita kukaphimba fodya m'chigafa poti mvula inali itayamba kuwaza. Chigafacho anamusiyira malemu amuna ake, a Cuthbert, amene ankatolera magazi m'midzi kupititsa ku labotale ya yunivesite yofufuza tizilombo ta malungo. Munthu waulemu ngati uja sankabaya aliyense asanafunse kuti, "Mwavomera?" Koma zitsiru za pamsika zinawatcha namapopa, zinawaphwanya mutu ndi njerwa, n'kutentha njinga yawo yamoto pamodzi ndi bokosi la timabotolo.

Akumanga pulasitiki pa nsichi, anamva timabotolo tikugundana kuseri. Ngwe, ngwe, ngwe.

Atazungulira anapeza a Chakhaza, omwe anaponya njerwa yoyamba, atagwada m'matope. Mkono wa malaya unali wopinda, dzanja litawongoka ngati wina walikoka, koma pafupi panalibe munthu. Khungu lonse linali timabowo tokhatokha. Magazi ankachucha, koma pansi osafika.

"Mwavomera, bambo?" anafunsa mawu ofatsa mumdimamo. Sellina anawadziwa mawuwo.

"Amake Beauty, ndagwira mwendo wanu!" analira a Chakhaza. "Ine ndikukana koma sakundimva. Auzeni ndinu, inu akumverani!"

"Tsiku lija iwo akukuwa, inu munawamva?"

"Ndinalakwa, mayi, ndili ndi ana!"

"Nanga Beauty wanga si mwana, ndi mbuzi?"

Mawu aja anafunsanso, moleza mtima monga kale.

Sellina anamangitsa chitenje m'chiuno. "Avomera, abambo ake Beauty," anatero. "Tengani magazi onse."

Mumdimamo chivindikiro cha bokosi chinatseguka.