Batani Loyera

Seweroli linali la nkhani ya kutchalitchi ija, ya munthu woukitsidwa atagona masiku anayi, koma pa TV manda anawasandutsa mochale. Mlaliki wovala jinzi anaitana wakufayo.

Amene anatuluka anali achimwene anga. Seweroli analijambula asanadwale, ndipo panali patatha masabata atatu chiwaikireni m'manda.

"Ndizimitse, amayi?" ndinafunsa.

"Tayerekeza uone."

Achimwene ankayenda pang'onopang'ono kulunjika kwa ife, atavala malaya abuluu omwe tinawaika nawo. Mabatani onse anali akuda kupatula lachitatu, loyera, lomwe amayi anasokerera m'mawa wa tsiku la maliro.

Amayi anasendera kumapeto kwa mpando, n'kuwasiyira malo.